Komiti ya oditi yomva zonse kwa bwana wamkulu ndi yongokongoletsa

Kampani ikamanyadira kuti ili ndi komiti ya oditi (kagulu ka mamembala a bodi koyang'anira malipoti a zachuma ndi ntchito ya maodita), funso ndi limodzi basi: komitiyo imadziwa bwanji kuti ndalama zolembedwa m'malipoti zilikodi? Ngati chilichonse imauzidwa ndi bwana wamkulu ndi mkulu wa zachuma, ntchito yake ndi kungogwedeza mutu.

Taonani Wirecard, kampani ya ku Germany yomwe inkayendetsa malipiro a pa intaneti. Mu 2018 inalowa mu DAX, gulu lomwe panthawiyo linali ndi makampani 30 akuluakulu pa msika wa masheya wa Frankfurt, chonsecho bodi yake yoyang'anira inalibe komiti ya oditi mpaka 2019. Mu June 2020 maodita a EY anakana kusaina malipoti chifukwa ma euro 1.9 biliyoni, omwe ankati ali m'mabanki awiri a ku Philippines, sankaoneka. Mabankiwo anati mapepalawo ndi achinyengo. Pa 25 June kampani inagwa. Germany inadzuka mochedwa, n'kukhazikitsa lamulo mu 2021 lokakamiza makampani otere kukhala ndi komitiyi.

Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi n'choti njira yogwirira bodzali inali yophweka. Kalata yotsimikiza ndalama za kubanki iyenera kuchoka kwa odita kupita kubanki, yankho n'kubwerera kwa odita, osadutsa m'manja mwa wantchito wa kampani kapena wosunga ndalama m'malo mwake. Komiti izifunsa maodita mwachindunji kuti: ndi maakaunti ati omwe mwatsimikiza nokha, ndipo ndi ati omwe mwangodalira pepala lomwe mwapatsidwa? Yankho lilembedwe m'maminitsi.

Pa msonkhano uliwonse, mabwana atuluke kaye, komiti itsale ndi maodita okha, ngakhale mphindi 20. Odita sanganene kuti mkulu wa zachuma amachedwetsa mafayilo pomwe mkuluyo wakhala pambali pake akumwa tiyi.

Chimodzimodzi mkulu wa oditi ya mkati. Kumulemba ntchito, kumuchotsa, malipiro ake ndi bajeti ya ofesi yake, zonsezi zidutse kwa wapampando wa komiti. Munthu sangafufuze bwino amene amamusainira bonasi. Nambala kapena imelo yomwe antchito amaululirapo zachinyengo nayonso izifika kwa wapampandoyo, osati ku ofesi ya bwana wamkulu.

Ku South Africa, lamulo la makampani la 2008 limati komiti ikhale ndi anthu osachepera 3, osankhidwa ndi eni masheya pa msonkhano wapachaka, osagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku pakampanipo. Koma Steinhoff, kampani yaikulu yogulitsa mipando yomwe likulu lake linali ku South Africa, inali nayo komiti ya akatswiri, mtengo wa masheya ake n'kugwabe mu December 2017. Maina ndi madigiri sakwanira. Mapepala a msonkhano akafika usiku, msonkhano uli mawa, palibe angawerenge masamba 300. Afike masiku 7 msonkhano usanachitike.

Nanga kalata ija yomwe maodita amalembamo zofooka zomwe apeza? Chofooka chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku loti chikonzedwe. Chikabweranso chaka chachiwiri chili chomwecho, mkulu wa dipatimentiyo aitanidwe adzafotokoze yekha pamaso pa komiti. Komiti ionenso ndalama zomwe kampani ya maodita ikulandira pa ntchito zina monga upangiri wa misonkho, ndipo ntchito yotereyi isayambe komiti isanavomereze polemba.