Bajeti ya pa Excel kapena kungodalira Airtel Money ndi Mpamba?

Anzanga angapo, makamaka amene angoyamba kumene ntchito, amakonda kunena kuti kulemba bajeti pa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kuwerengera manambala m'mizere, n'kudzivutitsa chabe, popeza masiku ano zonse zimaoneka mu foni. Ukatumiza ndalama uthenga umabwera, ukatapa uthenga umabwera, ndiye kulembanso kwachiyani? Ine sindigwirizana nawo, ngakhale kuti nanenso ndi mmodzi wa anthu amene zala zawo zinaloweza kale *211# ndi *444#.

Ndiyambe ndayamikira, kuopa kuti wina angati ndine wachikale. Kuchokera pamene Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, moyo unapepuka ndithu. Amene munakula kale mukukumbukira kupatsira ndalama kondakitala wa basi kapena munthu wina wopita kumudzi, kenako n'kumadikira mtima uli m'mwamba kuti kaya zifika zonse kaya zidzera m'njira. Lero mayi ali ku Mzimba kapena ku Nsanje amalandira ndalama ya mankhwala iwe usanatsitse foni kukhutu. Magetsi akatha pakati pa usiku umagula mayunitsi a ESCOM uli pabedi. Achimwene a ku Johannesburg akatumiza pa Mukuru, ndalama imatha kulowa mu foni osakaima pamzere. Ndipo zonsezi zimatheka ndi kafoni ka mabatani, kopanda intaneti. Excel singachite chilichonse mwa izi. Singatumize ngakhale K500.

Vuto lake nali. Uthenga wa mu foni umakuuza ndalama imene yatsala. Sukuuza kuti mwa ndalama yatsalayo, yako yeniyeni ndi ingati.

Tiyerekeze kuti pa 26 walandira malipiro, wakankhira K400,000 mu foni. Ukayang'ana nambala imeneyo mtima umakhala m'malo, umadzimva kuti ndiwe munthu. Koma lendi ili momwemo, ya madzi ili momwemo, ya minibasi ya mwezi wonse ili momwemo, ya chipereganyu cha kuntchito ilinso momwemo. Foni sidziwa zimenezi. Kwa iyo K400,000 yonseyo ndi yoti itha kutuluka lero lomwe, bola ukhale ukukumbukira nambala yachinsinsi. Ili ngati kondakitala wa minibasi: ntchito yake ndi kukukweza msanga, kufunsa ngati ulendowo ndi wanzeru si zake.

Ndipo kufulumira komweko, kumene timakuyamikira pa nthawi ya matenda, ndi kumene kumatimaliza masiku ena onse. Kale munthu akakupempha ndalama unkatha kunena kuti "ndilibe pano, ndiyambe ndapita ku banki", ndipo pofika mawa nkhani yazizira. Lero amangoti "ingoponyani pa nambala yomweyi." Uthawira kuti? Bandulo ya intaneti, kabetcha ka mpira Loweruka, ka K2,000 apa, ka K3,500 apo, ndalama zimene ukanaziwerenga ndi manja ukanamva kuwawa, koma pa foni zimangotsetsereka. Tsiku la 12 likamakwana munthu wayamba kale kudabwa, mwina n'kumaganiza kuti wina wamubera. Osanenanso za ngongole za pa foni zimene zimabwera mwaulemu kwambiri, kungodina kawiri katatu yalowa. Mwezi wotsatira malipiro amafika atalumidwa kale.

Pali chinanso chimene ambirife sitichiwerengera: ndalama yotumizira ndi yotapira. Timaiona ngati yochepa chifukwa imachoka pang'onopang'ono. Kuchotsa ku banki kupita mu foni, kudula. Kutumiza kwa munthu, kudula. Kenako wolandirayo akuti "muikeponso yotapira." Munthu amene amatapa tindalama tochepatochepa kangapo pa sabata amalipira zambiri kuposa amene watapa kamodzi n'kugawa ndalamayo kunyumba. Sindikudandaula kuti makampani amadula, ejenti naye ayenera kudya. Ndikungoti foni sidzakuphatikizira yokha ndalama imeneyi n'kukuonetsa pamapeto a mwezi kuti taona. Pa Excel kapena Google Sheets, ukangopatula mzere umodzi wa zodulidwazi, mwezi umodzi wokha ndi wokwanira kusintha katapidwe kako.

Koma phindu lalikulu la bajeti yolemba, kwa ine, ndi loti imaona kutsogolo. Ndalama za Mmalawi sizituluka mofanana mwezi ndi mwezi. Fizi imafunika mu Seputembala, mu Januwale ndi cha mu Epulo. Feteleza ndi mbewu zimafuna ndalama mvula isanagwe, cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ngakhale uli m'tauni, kumudzi adzaimba. Disembala ali ndi zake. Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakhala chitakwera mtengo, nkhokwe zili mbee. Zonsezi timazidziwa chaka chisanayambe, komabe chaka chilichonse zimatipeza ngati zadzidzidzi. Ukaika miyezi 12 m'mizere, n'kulemba chilichonse pamwezi wake, umaona ndi maso kuti Januwale sangadzilipirire yekha, ayenera kuthandizidwa ndi Juni ndi Julayi. Pamenepo mpamene ka K20,000 kopatula mwezi uliwonse kamayamba kukhala ndi tanthauzo.

Kumbukiraninso zimene zinachitika mu Novembala 2023, Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, pambuyo pa kugwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022. Mitengo inasintha m'masiku ochepa. Amene anali ndi bajeti pa kompyuta anangosintha manambala a shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti, pansi pakewo pakudziwerengera pokha, n'kuona nthawi yomweyo kuti chofunika kudulidwa ndi chiti. Ena tonse tinkangomva kuti ndalama sikukwana, osadziwa kuti ikuperewera ndi zingati.

Tsono ndisanamizire kuti Excel ndi mankhwala a zonse. Bajeti zambiri za pa kompyuta zimafa zisanathe miyezi iwiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Munthu amakatenga pa intaneti chikalata chokonzedwa kale ndi anthu a ku America, chodzaza ndi mizere ya ngongole ya nyumba, inshuwalansi ya galimoto ndi chakudya cha galu, koma mulibe mzere wa maliro, mulibe wa chinkhoswe, mulibe wa pelekanipelekani, mulibe wa mphwako amene wangotulukira ndi chikwama kuti adzakhala sabata imodzi. Bajeti ya kuno imene ilibe mzere wa abale ndi yabodza kuyambira tsiku loyamba. Chinanso, ndalama zathu zambiri zimatuluka pamanja: tomato wa pamsika, makala, kabaza, chigayo. Palibe lisiti. Ukapanda kulemba madzulo omwewo, pofika Lachisanu waiwala, ndipo umayamba kulemba manambala ongopeka kuti mizere ioneke yodzaza. Onjezani kuthima kwa magetsi, komanso kuti si aliyense ali ndi laputopu. Google Sheets imatseguka pa foni yamakono ndipo ndi yaulere, koma kulemba m'timabokosi timeneto ndi chala chachikulu n'kofuna mtima wautali.

Ndiye ndikamati ndili kumbali ya bajeti yolemba, sindikutanthauza kuti aliyense agule kompyuta. Amayi a banki m'khonde akhala akusunga mabuku awo mu kope la mizere kwa zaka zambiri, masheya ndi chiwongola dzanja zikutuluka bwinobwino pogawana, ena mwa iwo sanaonepo Excel. Wogulitsa kaunjika kapena woyendetsa kabaza, amene ndalama yake imabwera tsiku ndi tsiku mosadziwika, kope lingamuthandize kuposa kompyuta, ndipo chimene angapindule nacho kwambiri pa foni ndi kulekanitsa: ndalama ya mpamba wa bizinesi pa nambala ina, ya pakhomo pa nambala ina. Ambirife tili kale ndi malayini awiri, wa Airtel ndi wa TNM, koma timangowagwiritsa ntchito posaka netiweki.

Koma inu amene mumalandira pamwezi, muli ndi kompyuta pa desiki kuntchito, mumapangira abwana anu malipoti a pa Excel tsiku ndi tsiku, koma ndalama zanu zomwe simunazilembepo, chowiringula chanu sindikuchiona. Mizere isanu ndi itatu kapena khumi ndi yokwanira: lendi, chakudya, mayendedwe, magetsi ndi madzi, sukulu, abale ndi maliro, foni pamodzi ndi zodulidwa zija, zosunga. Lamlungu madzulo tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a sabata imeneyo, musanawafufute, n'kukopera chilichonse pamzere wake. Apa ndiye pamene foni imathandizadi bajeti, chifukwa zimene zadutsa mu foni siziiwalika ngati za pamsika. Mukatero muyambe ndi mzere wa bandulo, kenako mundiuze nambala imene mwaipeza.