Musandiuzenso kuti ndigule fyuluta

Usiku wathawu kunalibe mtambo ngakhale umodzi, mwezi usanatuluke, ine nditaimika kale kamera kuseri kwa nyumba kuti ndijambule Mlalang'amba. Mu Juni muno pakati pa Mlalang'ambawo pamafika pafupifupi pamutu penipeni. Nditangoyamba, aneba anayatsa getsi lawo latsopano la LED, loyera ngati la pabwalo la mpira, loloza kumwamba. Zithunzi zonse zinangotuluka mbuu. M'mawa ndinapita kukawadandaulira mwaulemu, iwo amvekere: "Achimwene, ingogulani fyuluta ija, nkhani yatha."

Fyulutayo ndili nayo! Ndinaigula ndi ndalama zokhetsera thukuta, ndipo pa getsi lanulo siithandiza kanthu. Fyuluta ndi sefa ya kuwala chabe, galasi loika pakamera. Anaipangira magetsi akale a mumsewu aja, a sodium, ofiirira, amene kuwala kwake kumaunjikana pa mtundu umodzi, pa 589 nm (nm ndi muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala). Kumeneko imatsekadi bwino. Koma LED yoyera imalavula mitundu yonse ya kuwala nthawi imodzi, monga zimachitiranso nyenyezi. Ndiye sefa isiyanitsa bwanji? Ikatseka getsi lanu yatsekanso nyenyezi zanga.

Ena muyamba kundiuza za narrowband, fyuluta yolola mitundu yochepa chabe ya kuwala. Ndikuidziwa. Imalola kuwala kwa haidrojeni pa 656 nm ndi kwa okosijeni pa 501 nm, ndipo mtambo wa mpweya wowala wotchedwa Carina Nebula umaoneka bwino nayo. Nanga Omega Centauri? Nanga Mlalang'amba womwe ndinakhalira panja ndi chisanu chonse chija? Zimenezo ndi nyenyezi, fyuluta imangozizimiriritsa. Madzi akatayika saoleka, anthuni. Kuwala mukakumwaza kumwamba palibe galasi limene lingakutolere.

Kuopa akuba tonse tikuopa, sindikukana. Koma wakuba amayenda pansi, sauluka. Weramitsani getsilo liunikire pabwalo panu, liikeni chotchinga pamwamba, kapena gulani loyaka lokha munthu akamadutsa. Ndi ntchito ya sipanala ndi mphindi zochepa basi. Bwanji ineyo ndiwononge ndalama pofuna kukonza chimene inu mukuwononga dala? Vuto lili pakhoma lanu, osati pakamera yanga.

Ndipotu si kujambula kokha. Getsi lomwelo limalowa pazenera la kuchipinda kwa ana anga usiku wonse, makatani awiri koma mkati ngati masana. Wamng'onoyo wapita kusukulu lero maso ali psuu.