Tisanazimitse rauta, tifunse kaye kuti IP wayitenga ndani

Ndidandaule pang'ono za ife okonza makompyuta kuno ku Kasungu. Ku ofesi akaimba kuti printa yasiya kumva kapena seva ikungooneka n'kusowa, mankhwala athu ndi amodzi: zimitsa rauta, dikira pang'ono, yatsa. Zikayenda, bwana athokoza, ya transipoti m'thumba. Mkucha foni iliranso, ndiye mlandu tiukankhira kwa a netiweki, chonsecho bandulo ilimo ndipo mlongoti ulibe vuto.

Malo otere mukafufuza modekha mupeza bridge penapake, ndi zida ziwiri zikulimbirana IP imodzi, adiresi ya chida pa netiweki.

Bridge payokha siilakwa. Imangotenga mbali ziwiri n'kuzisandutsa netiweki imodzi, moti wofuula mbali ino amveka mbali inayo. Kompyuta ikafuna kutumiza kanthu ku 192.168.8.20 imafunsa onse kuti mwini adiresiyi ndani, kudzera mu ARP, njira yakalekale ya mu 1982. ARP siyang'ana chitupa, woyankha ndiye mwini. Akayankha awiri, mapaketi apita uku, pakapita kanthawi apita uko. N'chifukwa chake netiweki siifa kotheratu, imangodwaladwala: ping, yoyesera ngati chida chikuyankha, iyenda, iima, iyambanso. Kuzimitsa rauta kumangoiwalitsa zidazo mkanganowo kwa maola ochepa.

Gwero lofala kwambiri ndi rauta yachiwiri. Ofesi yamanga buloko ina kuseri, Wi-Fi sifika, agula karauta kena n'kukokera waya. Wolumikizayo abaya pa doko la LAN, mabuloko awiriwo asanduka netiweki imodzi, nyali zithwanima, anyamuka. DHCP ya karautako, imene imagawira zida ma IP, yatsala yoyaka. Apa ndiye mudzi umodzi uli ndi mafumu awiri ogawa malo, aliyense ndi kaundula wake, ndipo munda umodzi upatsidwa kwa anthu awiri. Zikafika poipa, marauta onsewo ngamtundu umodzi, onse akudzitcha 192.168.0.1. Zimitsani DHCP pa kachiwiriko, kapatseni adiresi yakeyake, basi.

A Linux nanu musaseke. Mukapanga bridge yotchedwa br0 n'kuikamo doko la waya lotchedwa eth0, adiresi iyenera kukhala pa br0 pokha, eth0 ikhale yopanda kanthu. Lembani ip addr muone. Mukapeza IP pa zonse ziwiri, musapitenso patali. Pa marauta a MikroTik n'chimodzimodzi: doko likalowa mu bridge, IP ndi DHCP server zisamukire pa bridge.

Koma imene imandisangalatsa, poti imapusitsa ngakhale akatswiri, ndi ya ma VM okopera, makompyuta ongopangidwa ndi pulogalamu mkati mwa kompyuta ina. Munthu wapanga Ubuntu server imodzi, wayikonza bwino, ndiye aikopera kuti asavutike kuyambiranso. Zonse zili pa bridged adapter, kutanthauza kuti zalowa pa netiweki kudzera mu bridge. Akaiwala kusintha MAC, nambala yozindikirira khadi la netiweki, nkhani njodziwikiratu: DHCP iwapatsa IP imodzi. Koma wina amasintha MAC bwinobwino, n'kudabwa kuona DHCP ikuperekabe IP yomweyo kwa onse awiri. Apa ambiri amayamba kutukwana rauta. Si rauta ayi. systemd-networkd, pulogalamu yoyendetsa netiweki pa Ubuntu server, ikamapempha adiresi siidzitchula ndi MAC, imadzitchula ndi nambala yochokera mu /etc/machine-id, ndipo fayiloyi inakoperedwa limodzi ndi zina zonse. Kwa DHCP, awiriwo ndi munthu mmodzi wabwera kawiri. Fafanizani zili mu fayiloyo, yendetsani systemd-machine-id-setup, kapena ikani dhcp-identifier: mac mu netplan, momwe mumalembedwa makonzedwe a netiweki. Ndipo ngati VM ili pa laputopu ya Wi-Fi ndipo palibe wofuna kuifikira kuchokera kunja, isiyeni pa NAT, izibisala kuseri kwa adiresi ya laputopuyo, bridge ya pa Wi-Fi ili ndi mikwingwirima yakeyake.

Kugwira wolakwa sikufuna chida chodula. Khalani pa kompyuta yachitatu, lembani arping kenako adiresi yovutayo, muwerenge ma MAC akuyankha. Akatuluka awiri osiyana, mwawapeza. Pa Windows bwerezani arp -a kangapo, muone ngati MAC ikusinthasintha. Chiyambi cha MAC chimaulula mtundu: 08:00:27 ndi VirtualBox, 52:54:00 ndi KVM, 00:0C:29 ndi VMware, onsewa ndi mapulogalamu oyendetsa ma VM. Kenako pa bridge ya Linux, bridge fdb show ikuuzani doko limene MAC imeneyo yalowera, mutsate waya. Mafoni ndiwo amazemba, poti kuyambira Android 10 ndi iOS 14 amadzipangira MAC yabodza pa Wi-Fi iliyonse.

Pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena ndi apa. Iwo akatopa amati tingoika static, IP yolemba pamanja, pa chilichonse, DHCP ndiyo ikusokoneza. Ine ndikukana. Static yosalembedwa paliponse ndiyo imabala mkangano wa chaka chamawa, woikayo atasamukira ku Lilongwe ndipo nambala yake sikupezeka. Taganizani: printa anaiika pamanja pa adiresi yothera ndi .20, koma DHCP ikugawa kuyambira .2 kukwera. Magetsi azima, monga mwa masiku onse. Akabwera, rauta yotchipa yaiwala zomwe inagawa, mafoni adzuka msanga printa isanatenthe, ndipo foni ya mlonda yatenga .20. M'mawa akawuntanti akulephera kusindikiza ma invoisi, mlonda ali phee pa WhatsApp.

Pa ofesi yotere ine DHCP ndimaiyambitsa pa .100. Printa, seva ndi makamera ndimaziika pansi pa nambala imeneyo, kapena ndimazisungira adiresi mu rauta potengera MAC, ndipo mndandanda wake ndimaumata ndi selotepi mkati mwa chitseko cha kabati.