Insulin yotulutsidwa ndi kuwala: maganizo anga

Inu amene mumabaya insulin tsiku ndi tsiku, kapena mumasamalira mwana kapena kholo lodwala shuga, mukudziwa mantha a shuga akatsika mwadzidzidzi. Munthu wabaya jakisoni, chakudya chachedwa, kenako thukuta, kunjenjemera, mwina kukomoka kumene. Mankhwala akalowa m'thupi alowa basi, palibe angawabweze.

N'chifukwa chake kafukufuku wogwiritsa ntchito kuwala potulutsa insulin m'thupi wandikhudza mtima kwambiri. Kuwala mutha kuyatsa, mutha kuzimitsa, ndipo m'pamene pagona nkhani yonse.

Ku University of Missouri-Kansas City ku America, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Simon Friedman linamangirira insulin ku tinthu tosasungunuka n'kutibaya pakhungu la makoswe odwala shuga. Insulin ija imangokhala phee. Akaunikira pamalopo ndi nyali ya LED, chomangira chimaduka, insulin n'kulowa m'magazi. Mu 2017, Haifeng Ye ndi anzake ku Shanghai anaika m'thupi la mbewa maselo amene amapanga insulin akaona kuwala kofiira, ndipo tinyali take ankatiyatsa ndi foni.

Koma chimene chandipatsa chiyembekezo chachikulu ndi cha ku Tufts University mu 2019. Kumeneko ofufuza anasintha maselo a kapamba kuti kuwala kwa buluu kukawafika azitulutsa insulin yochuluka kawiri kapena katatu, koma pokhapokha shuga m'magazi akakhala wokwera. Shuga akakhala wotsika, maselowo sawonjezera. Tangoganizani mayi amene amadzuka pakati pa usiku kukayeza mwana wake, poopa kuti shuga watsika ali mtulo. Kwa mayi woteroyo, zimenezi n'zofunika kuposa ngakhale kuchepetsa jakisoni.

Zonsezi zachitika pa mbewa ndi makoswe, ndipo ntchito ikadali yambiri. Kuwala sikulowa patali m'thupi la munthu, komanso chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi maselo achilendo, choncho ayenera kutchingidwa bwino kuti akhalitse.

Ndikupempha chinthu chimodzi, abale anga. Nkhani ngati izi zikafala pa WhatsApp zimasinthika msanga, ndipo sipatenga nthawi kuti wina ayambe kugulitsa kamakina kowala n'kumati kamachiza shuga. Musasiye jakisoni chifukwa cha munthu woteroyo. Wodwala shuga ya mtundu woyamba akasiya insulin, moyo wake umakhala pangozi m'masiku ochepa chabe.