Chenjezo kwa opanga sopo pakhomo: kositiki soda si wosunga m'botolo la chakumwa

Kuchokera pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu amayamba waganiza kawiri asanagule mtanda wa sopo ku golosale. N'chifukwa chake m'makomo ambiri, ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi mpaka kumidzi, amayi ndi achinyamata akupanga okha sopo wa mtanda ndi wamadzi, ena wochapira pakhomo, ena wogulitsa kuti abweze ngongole ya banki m'khonde. Ife sitikutsutsa zimenezo, ndipo munthu wodziwa kusamala ndalama timamulemekeza. Chatilankhulitsa lero ndi chibwana chomwe tikuona pa kagwiridwe ka mankhwala opangira sopoyu, makamaka kositiki soda. Ochita chibwanacho si ana ayi, ndinu akuluakulu.

Kodi mwaiwala kuti mwana amatani akaona chinthu chachilendo? Inu amene tsitsi layamba kuyera mukukumbukira zomwe anyamata ankachita: kupala mitu ya machesi n'kumaiphulitsa pa Khirisimasi potsanzira makombola, kutola zotsala za kabaidi kwa owotcherera zitsulo, kuswa mabatire a tochi pofuna kamtengo kakuda ka pakati, kusungunula mtovu wa batire la galimoto pa mbaula kuti apeze cholemetsera mbedza. Lero mumazikamba moseka pa bawo, koma uja adataya diso kapena chala saseka nawo. Kabaidi akanyowa amatulutsa mpweya woyaka womwe owotcherera amadulira zitsulo. M'botolo lotseka mpweyawo umasowa kotulukira, ndipo likamaphulika nkhope ya mwana ndiyo imakhala pafupi, chifukwa amawerama kuti aone chomwe lachedwera. Mtovu suphulika. Umalowa m'magazi kudzera mu utsi ndi m'manja osasamba, n'kumafooketsa nzeru za mwana pang'onopang'ono. Funsani a ku Kabwe ku Zambia, komwe mgodi udatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Ana a lero chidwi chawo n'chomwecho, kuphatikiza apo amaonera zoyesayesa za anzawo pa TikTok. Kusiyana kwake n'kwakuti kale mwana ankayenda mtunda kukasaka zoopsazi, pomwe lero mwamubweretsera nokha m'nyumba, mwaziika kuseri kwa chitseko pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa.

Kositiki soda ndi woyera, wa timibulu kapena tizibenthu. Akasungunuka m'madzi alibe mtundu, alibenso fungo. Diso silingamusiyanitse ndi madzi akumwa. Wouma amafanana ndi soda wophikira therere, ndipo m'nyumba zambiri onse awiri mumangowatchula kuti soda. Ndiye mukatuma mwana wa sitandade 4 kuti atenge soda athire m'ndiwo, pa shelefu pali mapepala awiri apulasitiki osalembedwa kanthu, mukuyembekeza kuti asankha uti? Kositiki soda asaponde n'komwe m'khitchini.

Posungunula, thirani soda m'madzi ozizira, pang'onopang'ono, uku mukutakasa. Musathire madzi pa soda, chifukwa madzi ochepa oyambawo amawira nthawi yomweyo n'kuthovukira kumaso. Ngakhale mutsate njira yoyenera, madziwo amatentha okha kufika madigiri 80 kapena 90 popanda moto, ndipo amatulutsa nthunzi yotsamwitsa. Chitirani panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ana ndi ziweto zili kutali. Amayi, mwana kumbuyo ayi. Tikuona ena akutakasa soda atabereka khanda, mutu wake uli pa phewa, maso ali m'ndowa momwemo. Valani magolovesi a labala ofika m'mikono, magalasi oteteza maso, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka, osati masilipasi. Magalasiwo mtengo wake sufika ngakhale pa thiransipoti yopita kuchipatala cha maso.

Chiwiya nachonso n'chofunika kusankha. Masefuliya athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo soda amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya wa haidirojeni womwe umayaka ukakumana ndi moto wa mbaula kapena ndudu. Ndowa ya malata imadyekanso chimodzimodzi. Botolo lagalasi limatha kusweka ndi kutentha kuja, la chakumwa limafota n'kubooka. Gwiritsani ntchito ndowa ya pulasitiki yokhuthala yolembedwa nambala 2 kapena 5 kunsi kwake, kapena poto wa chitsulo chosachita dzimbiri. Mthiko womwe walowa mu sopo usabwererenso ku nsima.

Pa muyezo ndi pamene ambiri mukulakwa kwambiri, chifukwa mukuyeza ndi kapu ndi sipuni monga mudaonera kwa aneba. Safunsa adadya phula. Soda amayezedwa pa sikelo ya magalamu, mafutanso pa sikelo, popeza lita imodzi ya mafuta si kilogalamu imodzi, imalemera pafupifupi magalamu 920. Mafuta aliwonse ali ndi muyezo wakewake. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imadya soda wokwana pafupifupi magalamu 134, a soya 135, a mtedza 136, a ng'ombe 140, mawese a ku Karonga 141, pomwe a kokonati amapitirira 180. Pa muyezowo chotsanipo magawo 5 pa 100 alionse kuti mafuta atsaleko pang'ono m'malo moti soda ndiye atsale. Ndiye kuti pa mpendadzuwa muthira magalamu 127. Madzi akhale magalamu 300 mpaka 330 pa kilogalamu ya mafuta. Amene mukutolera mafuta otsala pa chiwaya cha tchipisi mwaganiza bwino, koma asefeni pa nsalu, ndipo popeza simudziwa kuti munasakanizika mafuta anji, tengani muyezo wotsikawo. Dziwaninso kuti mpendadzuwa kapena soya payekha amatulutsa sopo wofewa wosachedwa kutha. Kuti alimbe pamafunika mawese kapena mafuta a ng'ombe, osati kuwonjezera soda monga ena amanamizirana.

Dikirani madzi a soda azizire, afike pofunda ngati madigiri 40, mafutanso chimodzimodzi, kenaka thirani madzi a sodawo m'mafuta ndi kutakasa mpaka zitakhuthala ngati phala la mwana. Thirani m'chikombole, mudule pakatha tsiku limodzi kapena awiri mutavalabe magolovesi, ndipo muyanike pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata 4 mpaka 6. Apa m'pamene dyera limalowa. Wina wapanga Lolemba, Lachinayi ali naye kale pamsika. Sopo wosakhwima, makamaka wochuluka soda, amasupula manja a wochapa, ndipo matewera ochapidwa naye amatupitsa khungu la khanda. Kasitomala wotere sabweranso. Wa sopo wamadzi, amene mumasakaniza soda ndi safoniki asidi, gulani timapepala toyezera pH, womwe ndi muyezo wa ukali wa asidi kapena soda, ndipo musagulitse mpaka tionetse pakati pa 7 ndi 8. Ofuna kugulitsa m'mashopu, a Malawi Bureau of Standards alipo kuti ayeze katundu wanu.

Koma chomwe chikutiwawa mtima koposa ndi botolo. Mwati musataye ndalama kugula chigubu, ndiye madzi a soda otsala mwawathira m'botolo la Fanta. Sopo wamadzi mwamuthira mtundu wobiriwira kapena wa lalanje, fungo la mandimu, n'kumuika m'botolo la Frozy kapena la Sobo, lomwelo lomwe dzulo munagulitsiramo thobwa. Parafini wa koloboyi, asidi wa batire la sola, kolorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, zonse zili m'mabotolo a zakumwa pansi pa bedi. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa chinthu chimodzi chokha pa botolo limenelo: kuti m'menemo mumakhala zotsekemera. Kulembapo dzina n'kofunika chifukwa cha akuluakulu ndi alendo, koma mwanayo sawerenga. Chomuteteza ndi bokosi kapena kabati ya loko, pamwamba, kunja kwa chipinda chogona ndi khitchini. Ndiponso sungunulani soda wokwanira tsiku limenelo basi. Wouma musunge m'chitini cha pulasitiki chotseka bwino, chifukwa amakoka chinyezi cha mumpweya n'kuumbika, mphamvu n'kuchepa, muyezo wanu uja n'kusokonekera.

Mwina simudziwa chomwe kumwa kamodzi kokha kumachita. Soda amasungunula mnofu wa kummero ndi njira yonse yopita m'mimba, ndipo amapitiriza kulowa mkati ngakhale mwana walavula. Nthawi zina m'kamwa mumaoneka bwinobwino pomwe mkati mwapsa. Mwana amatha kuoneka ngati wachira, koma pakapita masabata angapo chipsera chimayamba kuthina njira ya chakudya. Amayamba kukana nsima, kenaka phala, pomaliza ngakhale malovu ake. Otsatira ake ndi maulendo obwerezabwereza ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena Kamuzu Central Hospital kukakulitsa njirayo, ndipo ena amadyera pa paipi yoboolera pamimba. Werengerani nokha kuti ndi mitanda ingati ya sopo yomwe ingalipire zimenezo.

Zikachitika, musamusanzitse. Musamupise chala kukhosi, musamumwetse madzi a mchere, chifukwa sodayo pobwerera amawotchanso kachiwiri njira yomweyo. Musamumwetse viniga kapena mandimu poganiza kuti zithetsa mphamvu ya soda. Zikakumana zimatulutsa kutentha pa bala lomwelo. Tsukani m'kamwa ndi milomo ndi madzi, n'kuthamanga naye kuchipatala osadikira kuona ngati ziipe. Parafini nayenso sasanzitsa: choopsa chake n'kulowa m'mapapo, ndipo dontho lochepa lolakwika njira posanza limabweretsa chibayo. Mkaka ndi mafuta ophikira si mankhwala ake. Mwana womwa parafini akhoza kusewera bwinobwino, n'kudzayamba kubanika ndi kutentha thupi patapita maola angapo.

Soda akagwera pakhungu, wouma muyambe mwamusasa, vulani chovala chonyowa, ndipo thirani madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Pakhungu pakamaterera, ndiye kuti soda akusandutsa mafuta a thupi lanu kukhala sopo, musaleke kutsuka. Mankhwala otsukira mano, mazira ndi mafuta odzola asafikepo. M'maso, kanulani zikope ndi zala ngakhale munthu akukana, thirani madzi oyera kuchokera mbali ya mphuno kupita kunja kwa mphindi 30, kenaka kuchipatala. Pachifukwa chimenechi chigubu cha malita 20 cha madzi oyera chizikhala pambali musanatsegule n'komwe pepala la soda. Nthawi yothamangira kumjigo kulibe.

Palinso inu okonda kusakaniza zotsukira kuti zichuluke kapena zikhale zamphamvu. Jik asakumane ndi mankhwala a asidi otsukira m'chimbudzi monga Harpic, asakumane ndi viniga, asakumanenso ndi zotsukira zokhala ndi amoniya. Zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wowotcha maso ndi mapapo, ndipo m'bafa laling'ono lotseka munthu amatha kugwa asanafike pachitseko. Mukamva kuwawa m'maso ndi kutsokomola, tulukani kaye, tsegulani zitseko, musawerame kuti mutsuke. Jik amasungunulidwa ndi madzi ozizira okha. Kolorini waufa wa HTH, womwe udafala m'makomo nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, asasungidwe pamodzi ndi parafini, petulo, oyilo kapena feteleza, popeza akhoza kubutsa moto popanda machesi.

Batire la sola kapena la galimoto lomwe mukutchaja m'chipinda chogona limatulutsa haidirojeni uja, choncho liikeni podutsa mphepo, kutali ndi kandulo, ndipo likachepa madzi muthire madzi a batire ogula, osati asidi kapena a pachitsime. Timabatire tathyathyathya ta m'mawotchi, m'masikelo ndi m'zidole, kuphatikizapo ka mu sikelo yomwe mukuyezera sodayo, tisatayidwe pabwalo. Kakakhazikika kummero kwa mwana kamapanga soda wake pomwepo, ndipo kamawotcha mnofu pasanathe maola awiri. Popita kuchipatala pa vuto lililonse mwa awa, nyamulani botolo, pepala kapena chidole chomwe mwana anagwira, ndipo muwauze adokotala nthawi yeniyeni yomwe zachitika komanso chilichonse chomwe mwamumwetsa panjira, musabise poopa kukalipiridwa.