Ngwazi yosamva ludzu

Chimene chimandinyansa n'chakuti achinyamata akuno kuchigwa cha Shire akamalemba nthano za maiko ongopeka, amathamangira chipale chofewa ndi mafumu ovala zikhoti zaubweya. Mwakulira ku Bangula achimwene, kumene mu Okutobala mchenga umawotcha mapazi, koma ngwazi yanu ikuyenda dzuwa lili paliwombo osapempha n'komwe madzi! Mzinda mwaumanga m'mbali mwa mtsinje waukulu, chabwino, nanga madzi akasefukira ngati mu 2015 anthu amathawira kuti? Bwato ndi la yani, amalipira chiyani? Tili ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh, ng'ona ndi mvuu zake, tilinso ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Ngakhale mulembe za chaka cha 2300, ndiuzeni kaye ngati anthuwo akudya mapira kapena chimanga, komanso amene akuwatungira madzi.