Chenjezo kwa a Malawi a ku Joni: couta si chambo

Abale anga a ku Mayfair, Yeoville ndi Rosettenville, tamverani kuno. Mwayamba kachizolowezi koipa kogula couta ndi tuna kumbuyo kwa bakkie (galimoto ya pikapu), nsomba zili padzuwa popanda ayezi, bola mtengo watsika. Ena mukugula m'mawa, n'kuponya m'jumbo, kukagwira ganyu tsiku lonse, madzulo ndiye kukazingira ana. Munthu akakufunsani mukuti mafuta otentha apha zonse. Anakunamizani ndani?

Couta ndi nsomba ya m'madzi amchere ofunda a Indian Ocean. Ikakula imafika mamita 2, mano ake ndi akuthwa, ndipo moyo wake wonse ndi wothamangitsa tinsomba ting'onoting'ono. Nyengo yotentha imatsika kuchokera ku Mozambique kubwera kugombe la KwaZulu-Natal. Nsomba zaliwiro zoterezi, pamodzi ndi tuna ndi mackerel, mnofu wake uli ndi mankhwala ambiri achilengedwe otchedwa histidine. Nsomba ikafa n'kukhala pamalo otentha, mabakiteriya amasandutsa histidine uja kukhala histamine, ndiye poizoni amene amadwalitsa munthu akadya nsombayo. Akapangika wapangika. Kaya mukazinge, muwotche, muwambe pa utsi, muyanike, kaya muiponye mufiriji mochedwa, iye ali momwemo. Choopsa china n'chakuti nsombayo ikhoza osanunkha n'komwe. Luso lonunkhiza ndi kutsegula makha lomwe tinaphunzira ku Mangochi ndi ku Nkhotakota apa silikupulumutsani.

Tsono ganizani: kuchokera ku Durban kufika kuno ndi makilomita oposa 500 pa msewu wa N3. Munthu wopanda ayezi wayenda nayo bwanji mtunda wonsewo? Mwinanso ndi ya anthu owedza mongosangalala, amene lamulo la dziko lino la 1998 siliwalola kugulitsa nsomba zawo. Inu amene mapepala anu ali kale okayikitsa, mukufuniranji mlandu wina?

Zizindikiro sizichedwa, nthawi zambiri ola silikwana. Nsomba imalasa m'kamwa ngati mwathira tsabola pomwe simunathire, nkhope imafiira ndi kutentha, mutu waching'alang'ala, zidzolo zoyabwa, mtima kuthamanga, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Apa musayambe kuloza chala neba kuti wakulodzani, kapena kumwetsa munthu mkaka n'kumugoneka. Banja lonse lisiye kudya pomwepo. Akayamba kubanika kapena kutupa milomo, makamaka mwana, nkhalamba ndi wa mphumu, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene nsomba imene wadya.

Inu amayi a geni, mawu awa ndi anunso. Pikulani kwa amene nsomba yake yakwiriridwa mu ayezi, ndipo izizire osapitirira madigiri 4 Celsius mpaka ifike m'poto. Magetsi akazima usiku wonse firiji n'kusungunuka, nsomba yofunda ija musaiumitsenso kuti mugulitse mawa. Itayeni. Ogula anu ambiri ndi a kumudzi komweko, ndipo ena mwa iwo amaopa kupita kuchipatala.